MANKHWALA A CIKONDI ALI M'NKHOKWE MWANU

Mudzi wa Kawaza, umene uli m'dera la Mfumu Yaikulu Nsefu m'boma la Mambwe, wakhala uli kulandira alendo ocokera kutsidya la nyanja kuyambira caka ca 1997. Alendowo amagona m'nyumba zaudzu, amadya nsima ndi manja, naonerera magule a Akunda. Amuna ambiri a m'midzi ya m'cigwa ca Luangwa amagwiranso nchito m'misasa ya alendo yozungulira nkhalango ya nyama ya South Luangwa, ena ophika, ena operekera zakudya. Iwowa adziwa bwino mwambo wina wa alendowo: mwamuna ndi mkazi wace, makamaka ongokwatirana kumene, amapempha thebulo la awiri okha pamalo a zii, nyali itayatsidwa, nadya mosafulumira ali kuceza.

Koma wophika yemweyo akabwerera kwao atatha milungu ingapo kumsasa, amadya nsima yace pakhonde pamodzi ndi amuna anzace, mkazi wace ali kudyera kuseri kwa nyumba ndi ana. Mwambo umenewu ndi wa makolo ndipo ulibe mlandu. Bvuto limadza pamene cikondi ca m'nyumba cayamba kuzirala. Akulu anati tsobola wakale sawawa, ndipo mabanja ambiri akafika pamenepa amathamangira kumsika kukafuna mizu, ufa wa m'timapepala ndi zakumwa za m'mabotolo zimene ogulitsa amati zibwezera mphamvu. Ena ataya ndalama za thonje pa zinthu zotere, ena abvulala nazo m'thupi.

Kodi cilipo cakudya cimene cidzutsa cikondi? Funso limeneli ndi lakale kwambiri, ndipo mtundu umodzi umene unachuka nalo ndiwo wa Agiriki, amene Buku Lopatulika liwachula Ahelene. Zimene iwo anakhulupirira, ndi zimene amaphika kufikira lero, zingathandize banja la ku Kawaza kukonza cakudya ca madzulo ca anthu awiri popanda kugula kanthu kacilendo.

KUMENE KUNACOKERA MBIRIYI

Agiriki akale anali ndi mulungu wao wamkazi wa cikondi, dzina lace Aphrodite, amene nthano zao zimati anatuluka m'thobvu la nyanja pafupi ndi Paphos pa cisumbu ca Cyprus. Liu la Cingerezi lakuti aphrodisiac, lochulira cakudya kapena mankhwala odzutsa cilakolako ca m'banja, linacokera ku dzina limeneli.

Pa ukwati mu mzinda wa Athens, mkwati ndi mkwatibwi ankapatsidwa mkate wa citowe cosakaniza ndi uci, pakuti njere zambirimbiri za citowe zinkaimira ana ambiri. Pofika kunyumba ya mwamuna, abale ankawawaza nkhuyu zouma ndi mtedza wa m'mitengo pafupi ndi mafuwa. Wolemba mabuku Plutarch anasimba kuti Solon, amene anaikira mzindawo malamulo pafupifupi zaka 600 Kristu asanabadwe, analamula kuti mkwatibwi adye cipatso cafungo labwino cochedwa quince asanalowe m'cipinda ca mwamuna wace. Plutarch anamasulira lamulolo kuti tanthauzo lace linali lakuti pakamwa ndi mau omwe zikhale zokoma kuyambira tsiku loyamba. Alangizi a cinamwali m'midzi yathu akadamva zimenezi akadabvomereza, pakuti iwonso amaphunzitsa kuti nyumba imamangidwa ndi mphika ndi lilime.

CIKANDA CA AGIRIKI

Pa zakudya zonse zimene Agiriki ankaziyesa zamphamvu, cimodzi ca zochuka cinali muzu wa duwa lina la m'thengo. Duwalo limabala timbatata tiwiri pansi, kena konona, kena kofota, ndipo cifukwa ca maonekedwe ace analicha orchis, liu lochulira ciwalo cobisika ca mwamuna. Sing'anga wao wamkulu Dioscorides, amene analemba buku la mankhwala m'zaka 100 zoyamba Kristu atabadwa, anasimba kuti akazi a ku Thessaly ankapatsa amuna kambatata konona mu mkaka wa mbuzi kuti cilakolako cidzuke, ndi kofota kuti cigone. Kufikira lero ufa wa mizu yotere umaphikidwa cakumwa cotentha cochedwa salepi, cimene cimagulitsidwa m'miseu ya ku Greece nyengo yozizira.

Owerenga adzadabwa kumva kuti muzu umenewu ndi mbale wace wa cikanda. Cikanda cimene amai amagulitsa pa misika ya ku Chipata ndi ku Lusaka cimapangidwa ndi timbatata ta maluwa a banja lomwelo, tosinja pamodzi ndi nshawa, cidulo ndi tsabola. Mtundu wina wa maluwawo akatswiri a zomera amaucha Satyrium, dzina locokera ku nthano zomwezo za Agiriki. Anthu a m'Zambia amadya cikanda cambiri kotero kuti ca m'madambo a kumpoto cinacepa, ndipo ofufuza analengeza m'caka ca 2003 kuti timbatata toposa mamiliyoni 2 tinali kulowa m'dziko muno caka ndi caka kucokera ku mapiri a kumwera kwa Tanzania. Mu 2005 boma la Tanzania linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Kitulo, cifukwa cimodzi cinali kupulumutsa maluwa amenewa.

Taonani tsono: cinthu cimene Mgiriki ankacimwa mwaulemu ngati mankhwala a cikondi, mwana wa sukulu amacigula pa siteshoni ya basi nadya ngati kanthu kopha njala. Mphamvu imene Agiriki ankaiona m'muzuwo inali kucokera m'maso ndi m'mtima mwao. Cimodzimodzi cinangwa caciwisi ndi nshawa zaziwisi zimene anyamata amatafuna m'matauni ndi cikhulupiriro conga comweco. Nshawa ndi cakudya cabwino ndithu: pafupifupi theka lace ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anai ndi zomanga thupi. Munthu wodya bwino amakhala ndi nyonga kumunda ndi kunyumba komwe. Koma palibe cakudya cimene madokotala anatsimikiza kuti cimadzutsa cilakolako usiku womwewo. Ngakhale gondolosi, muzu wochuka ku Malawi, anaonetsa zizindikiro pamene anauyesa pa makoswe, koma umboni wokwanira pa anthu sunapezeke. Ndipo wotafuna cinangwa caciwisi asamale: cowawa cili ndi ululu umene umacoka pokhapokha cikabviikidwa ndi kuphikidwa.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Coopsa ceniceni cili m'zinthu zogula. M'caka ca 2019 akuluakulu a m'dziko muno analetsa cakumwa cina copangidwa ku Ndola, cimene cinali kugulitsidwa ngati copatsa mphamvu, atapeza kuti munali mankhwala a sildenafil, omwe ali m'mapiritsi a Viagra. Nkhaniyo inayambira ku Uganda, kumene munthu wina anadwala atamwa cakumwaco. Mu 2022 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America linacenjeza makampani anai ogulitsa uci umene anathiramo mankhwala a mtundu womwewo mobisa.

Sildenafil ndi mankhwala enieni, obvomerezedwa kuyambira 1998, ndipo amathandiza amuna ambiri akaperekedwa ndi dokotala pa muyeso woyenera. Koma munthu amene ali kumwa mankhwala ena a mtima akamwa sildenafil mosadziwa, magazi ace angatsike mphamvu mwadzidzidzi, nakomoka kapena kufa kumene. M'botolo logula pamsika palibe wodziwa muyeso wace.

Palinso ufa wina woopsa koposa. Alimi adziwa tizirombo takuda ta mizere yacikasu kapena yofiira timene timadya maluwa a nyemba ndi a therere. M'thupi mwa tizirombo timeneti muli ululu wochedwa cantharidin, ndipo ku Zimbabwe unapezeka m'mankhwala ena a amuna ochedwa vuka-vuka. Ululuwo umawaula njira ya mkodzo, ndiye wakumwayo amayesa kuti mankhwala agwira nchito, pamene impso zace zili kuonongeka. Anthu afa nawo ululu umenewu m'maiko ambiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la boma la Zambia Medicines Regulatory Authority ndilo liri ndi udindo wobvomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, ndipo ufa wa m'kapepala kopanda dzina sunapite m'manja mwace.

Za kondaine, mankhwala amene ena amathira mobisa m'ndiwo za mnzao, ankhoswe ndi mafumu aweruzapo milandu yambiri. Tsiku limene zaululika, mwamuna saikhulupiriranso mbale ya mkazi wace, ndipo nyumba imene anafuna kuimanga ndiyo imapasuka.

NDIWO ZAO NDI ZATHU ZOMWE

Kusiya nthano, cimene Agiriki ali naco cabwino ndico kaphikidwe. Anthu a kumidzi ya kwao amadya masamba ambiri, nyemba, nsomba, mafuta a zomera ndi zipatso, nyama pang'ono, ndipo madokotala amayamikira kadyedwe kameneka kuti kasunga mtima ndi mitsempha ya magazi. Mphamvu ya mwamuna m'banja imadalira mitsempha yomweyo. Cokondweretsa ndi cakuti zambiri za ndiwo zao zimamera m'madimba a m'mphepete mwa Luangwa ndi Lupande. Mafuta a azitona okha ndiwo asowa, koma a mpendadzuwa kapena a nshawa alowa m'malo mwace.

Coyamba ndi nkhuku ya mandimu. Nkhuku ya kumudzi iduliwe nthuli, ipakidwe mcere, adyo wosinja, madzi a mandimu awiri ndi masipuni atatu a mafuta, ndipo ikhale yobvundikira pamthunzi ola limodzi. Popeza nkhuku ya kumudzi ndi yolimba, iyambe yaphikidwa m'madzi ocepa kufikira itafewa, kenaka iwambidwe pa makala kuti ipsere kunja. Msuzi wotsala mumphika uthiridwe anyezi ndi madzi ena a ndimu. Amene ali ndi pende kapena mlamba wauwisi angacite cimodzimodzi, pakuti nsomba yowamba yothira mafuta ndi ndimu ndi cakudya ca masiku onse m'mphepete mwa nyanja ya ku Greece.

Caciwiri ndi bonongwe. Agiriki amamucha vlita, ndipo amamudya nyengo yonse yotentha. Amamuwiritsa kanthawi kocepa m'madzi a mcere, namtsanula, namthira mafuta ndi ndimu. Sathira cidulo kapena soda, zimene zimapha zina mwa zofunika za m'masamba. Ndimu nayenso amathandiza thupi kutenga cakudya ca magazi cimene cili m'bonongwe, cinthu cofunika kwa amai amene amacepa magazi cifukwa ca ucembere ndi malungo.

Cacitatu ndi therere lobala, limene iwo amati bamies. Saliduladula monga acitira amai athu. Amasankha lanthete, nasenga kumutu kokha osalibowola, naliwaza vinyo wosasa, naliika padzuwa kanthawi kuti lisatelereke. Madzi a mandimu agwira nchito yomweyo. Pambuyo pace amaliphika lathunthu m'matimati ndi anyezi pa moto wocepa, osabvundula ndi mthiko. Wozolowera therere la cidulo adzayesa kuti ali kudya ndiwo yacilendo.

Khobwe, amene ena amati nyemba, nayenso ali pa mbale ya Mgiriki. Amamuphika mpaka afewe, namsiya azizire, namsakaniza ndi anyezi wauwisi, mafuta, mcere ndi ndimu. Pa zonsezi iwo amadyera mkate. Banja la ku Kawaza lidyere nsima ya cimanga kapena ya mapira, kapena mpunga wa m'cigwa momwemo, umene fungo lace lidziwika kufikira ku Lusaka.

Cotsirizira ndico pasteli, mdzukulu wa mkate uja wa pa ukwati wa ku Athens. Kapu imodzi ya citowe ikazingidwe m'phale kufikira fungo litamveka. Kapu imodzi ya uci iwire pa moto wocepa mphindi zowerengeka, citoweco cithiridwemo, ndipo zitasakanizidwa bwino ziyalidwe m'mbale yopaka mafuta ndi kudulidwa zisanaume. Kumene kulibe citowe, nshawa zokazinga zikwanira, koma zisankhidwe bwino, pakuti za cuku zili ndi ululu woononga ciwindi. Uci suli wosowa m'cigwa. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala liri kulimbikitsa alimi a ku Luangwa kusunga njuci m'ming'oma ndi kuwagula uci, nshawa ndi mpunga, kuti aleke kuchera misampha. Amai akumbukire kokha kuti mwana wosakwana caka cimodzi sapatsidwa uci.

Cakumwa cikhale thobwa, kapena madzi a bwemba kapena a malambe otsekemeretsa ndi uci. Agiriki akale ankasungunula vinyo wao ndi madzi, ndipo womwa vinyo wosasungunula ankamuyesa munthu wopanda mwambo. Kacasu amalonjeza zambiri pakamwa, koma kucipinda amagonetsa mwamuna ngati cipika.

TSIKU NDI NTHAWI YACE

M'matauni tsiku la okondana ndi 14 Febuluwale. Kwa mlimi wa ku Mambwe tsiku limeneli ligwa pa nthawi yoipa: nkhokwe zapepuka, nchito ya kumunda yacuruka, miseu ndi matope okhaokha, ndipo lamulo la boma loletsa kupha nsomba, limene limayamba pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, likali kugwira nchito. Nthawi yabwino ndi yokolola itatha, kuyambira Meyi kufikira Julayi. Pamenepo nshawa zauma, mandimu apsa, kunja kwazizira, ndipo mitima ya anthu yakhala pansi. Mu Okutobala kutentha kwa m'cigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo palibe wofuna kukhala pafupi ndi makala.

Cakudyaco cikonzeke dzuwa lisanalowe. Anthu a m'dera la Nsefu safunika kuuzidwa kuti usiku ndi wa njobvu, makamaka mango akapsa, ndiponso wa udzudzu. Ana ayambe adya iwo, alandire gawo lao la nkhuku ndi la pasteli, ndipo akagone kwa ambuya ao. Mphasa yatsopano, madzi ofunda osamba m'manja ndi nyali ya dzuwa kapena kandulo zikwanira. Thebulo ndi mafoloko zilibe nchito.

AWIRI PA MBALE IMODZI

Cobvuta pa zonsezi si kuphika koma kukhala pansi pamodzi. Pamenepa mabanja asadziyese otsalira, pakuti Agiriki akalewo sanali kudya ndi akazi ao pa maphwando. Nyumba ya munthu wolemera ku Athens inali ndi cipinda ca amuna okha cochedwa andron, kumene mwini nyumba ankadyera ndi kumwa ndi anzace, mkazi wace ali mbali yina ya nyumba. Mwambo wa mwamuna ndi mkazi kudyera pamodzi awiri okha anthu anacita kuuphunzira pambuyo pace, ndipo cophunziridwa kwina cingaphunziridwe ku Kawaza komwe. Sufuna kuti mwambo wa masiku onse uthe. Usiku umodzi pa mwezi ukwanira.

Nchitoyo isagwere mkazi yekha. Mau akuti mwamuna ndi pamimba amauzidwa kwa namwali aliyense, koma mkazi amene watunga madzi, wasinja, waphika ndi kutsuka yekha kuyambira m'mamawa amafika pa mphasa ali wotheratu, ndipo palibe muzu umene ungacotse kutopa kumeneko. Bambo atole nkhuni, aphe nkhuku, abwere ndi uci, ayang'anire makala. Amene amaphikira alendo kumsasa ndi kulandira malipiro pa mwezi alibe cifukwa cocitira manyazi ndi mafuwa a pakhomo pace. Mitundu ina ya m'Zambia ili ndi mwambo wa matebeto, pamene akucikazi amaphikira mkamwini zakudya zambiri kumthokoza cifukwa cosunga bwino mwana wao. Ndi cinthu cokoma kuti mkazinso athokozedwe, ndipo nthutumba, imene mwambo umaipereka kwa mwini nyumba, ikhoza kugawidwa pakati tsiku limenelo.

Pa mphasa imeneyo nkhani za ngongole ya feteleza, za ndalama za thonje ndi za apongozi zidikire tsiku lina, ndipo ngati zakula zipite kwa ankhoswe. Mwamuna amuchule mkazi wace ndi ciwongo cace monga ankacitira pomfunsira mbeta. Akumbutsane kumene anaonana koyamba, gule amene anabvina, caka ca njala cimene anapirira pamodzi. Lamulo lija la Solon linali kunena zomwezi.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Pali mabanja ena amene bvuto lao silingathe ndi nkhuku ya mandimu. Mwamuna akaona kuti mphamvu yace yacepa kwa miyezi yotsatana, kawirikawiri thupi limakhala liri kumcenjeza za nthenda yina. Nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya ndi mowa zimaononga mitsempha yaing'ono poyamba, ndipo cizindikiro ca kucipinda cingaoneke zaka zingapo mtima usanayambe kubvuta. Likodzo, limene limagwira osamba ndi osodza m'madzi oima, limafika ku ziwalo zoberekera za amuna ndi akazi omwe, nilidzetsa ululu ndi magazi. Mkazi womva kupweteka pokhala ndi mwamuna wace sali wamwano, ali kudwala. Nkhawa ndi mantha nazonso zimamanga thupi.

Zonsezi zimapimidwa ndipo zambiri zimacizika. Cipatala caching'ono ca Kakumbi ku Mfuwe, cipatala ca mishoni ca Kamoto ndi cipatala cacikulu ca ku Chipata zili ndi anthu ophunzira amene amamva nkhani zotere masiku onse, ndipo lamulo la nchito yao liwakakamiza kusunga cinsinsi. Kupita awiri ndiko kwabwino koposa, pakuti nthenda zina sizitha ngati wacira ndi mmodzi yekha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Banja limene thupi lili bwino, koma cikondi cangozirala ndi zaka ndi nchito, lisataye ndalama kumsika. Citowe, nshawa ndi mpunga zili m'nkhokwe, bonongwe ndi therere zili kudimba, nkhuku ili m'khola, uci uli mumng'oma. Cotsala ndi kupangana tsiku.